Sipuleya ya Bambo Aang'ono

Pali chinthu chimene ndinachisunga m'mimba masabata atatu osauza munthu, ngakhale amayi amene ndimagona nawo chipinda chimodzi: tomato wa m'dimba mwathu ndinamupha ndine. Kulemba mawu amenewa sikunandivute chifukwa pepala siliyang'ana munthu m'maso. Kuyankhula ndiye kumandivuta chiyambire, n'chifukwa chake kwathu amanditchula kuti Kachete.

"Bwerani mudzaone ntchito ya manja anu, alamu!" amayi anakuwa m'mawa umenewo, ataima pakati pa mabedi a m'dimba, keni yothirira ili m'manja.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo anga, anali kuseri kwa mpanda wa miyala, m'munda mwawo mwa chimanga. Anayandikira pang'onopang'ono akupukuta manja pathalauza.

"Mwadzuka bwanji kaye, alamu? Kapena moni nayenso mwamuletsa ngati feteleza?"

"Moni wanuyo musunge. Taonani masambawa."

Masamba a kunsonga anali atapindika ngati zala za nkhuku yakufa, nthambi zitapotana. Pa mabedi khumi a tomato, asanu ndi limodzi anali choncho.

"Ine ndinanena," anatero bambo aang'ono. "Nthaka iyi ndi dongo, ndipo dongo ntchito yake ndi njerwa. Inu mwalimbikira kuidyetsa ndowe ndi makoko a nthochi, ati ulimi wopanda mankhwala. Ndi umenewotu, ulimi wopanda mankhwala komanso wopanda tomato."

"Nanga kabichi bwanji ali bwinobwino? Anyezi bwanji? Dongo lanulo limasankha?"

"Mufunse mwana wanu wophunzirayo. Si uyu wangomaliza kumene sekondale? Aphunzitsi, tatiuzeni, mabuku akuti chiyani?"

Anandiyang'ana akumwetulira. Ine ndinawerama n'kumazula udzu pamalo popanda udzu.

Phokosolo linaitana azakhali, mchemwali wawo wamkulu wa bambo, amene amakhala kumunsi kwa msewu. Analowa ndi ndowa ya phulusa pamutu, monga ankachitira m'mawa uliwonse, kudzatithirira pa mulu wa manyowa. Anatula ndowa, anagwira tsamba limodzi, anaombetsa manja pang'ono.

"Achemwali, mwaona nokha," anatero bambo aang'ono. "Dimba lakana."

"Iwe, takhala chete. Miyala ya mpanda umene watsamirawo bambo athu anaizula m'nthaka muno umodziumodzi, ine ndikuwatutira pamutu, iwe ukuyamwa. Chitsimecho anakumba malemu ndi manja ake. Tinagwirizana atangoikidwa kuti mulamu alime chaka chimodzi. Dimba likabereka, ndi lake ndi mwanayu. Likakana, libwera kwa iwe, uumbepo njerwa zakozo. Chaka chatha?"

"Sichinathe, koma maso tili nawo."

"Ndiye uwasunge masowo mpaka chithe."

Zimene zinachitika ndi izi. Masiku asanu m'mbuyomo amayi anapita m'tauni kukaonana ndi mayi wina wa sitolo ya masamba, amene analonjeza kumatenga tomato wathu yense bola akhale wosathira mankhwala. Anandisiyira kiyi wa dimba ndi ntchito imodzi yokha. Nsabwe zinali zitayamba kuunjikana kunsi kwa masamba, ndiye ananyika tsabola wosinja, adyo ndi kachidutswa ka sopo mu ndowa. Ine ndinayenera kusefa madziwo ndi nsalu n'kumawaza ndi katsache ka udzu, tsamba ndi tsamba, pansi ndi pamwamba.

Dzuwa linakwera ndisanamalize ndi bedi loyamba lomwe, maso akuwawa tsabola, msana ukuthyoka. Ndi pamene bambo aang'ono anasuzumira pampanda.

"Zaka zonse zija za sukulu, mathero ake kuwaza ndi tsache? Dikira pomwepo."

Anabwera ndi sipuleya yawo yabuluu, ija yopopera mbewu yoberekera kumsana, n'kundipatsira pamwamba pa miyala.

"Amayi amaletsa," ndinatero.

"Amaletsa mankhwala. Ichi ndi chigubu chabe, uthiramo tsabola wako yemweyo. Ola limodzi wamaliza, ukapume."

"Ndi yotsuka?"

"Ndatsuka ndekha dzulo. Koma amayi akowo usawauze, ukudziwa mmene alili ndi ine."

Nditatsegula chivundikiro, pansi panali timadzi totuwa ngati mkaka wosungunula, tonunkha moboola mphuno. Mlandu wanga uli pamenepa. Kusukulu tinaphunzira, ndipo funso lake ndinalikhoza pamayeso, kuti sipuleya imene munali mankhwala opha udzu imatsukidwa katatu ndi sopo, mpaka mupaipi momwe, ndipo ngakhale utatero ndi bwino osaiyandikiza pa tomato. Ndinkadziwanso kuti bambo aang'ono sapalira ndi khasu m'chimanga mwawo, amapopera. Koma anali ataima pomwepo akundiyang'ana, ndipo kutsuka kukanakhala ngati kuwauza kuti ndi abodza. Ndinachita manyazi. Ndinangokhuthulira timadzito m'mbali mwa mpanda n'kuthiramo tsabola. Madzi atatha pa bedi lachisanu ndi chimodzi, ndinabweza sipuleya. Amayi atabwera anandiyamikira kuti ndine wachangu ngati bambo anga.

Chiyambire m'mawa wa masamba uja, amayi anasanduka wapolisi. Ankasesa pakhomo la dimba asanatseke, kuti mawa lake awerenge mapazi. Anamanga kaulusi kakuda pa loko. Madzi a pachitsime ankawanunkhiza, kuwalawa, kuwalavula. Mayi woyandikana nafe atabwera kudzapempha anyezi, amayi anamuyang'anitsitsa m'manja mpaka anabwerera osatenga kanthu. Ine ndinkathirira tomato wodwalayo kawiri patsiku, ndikupemphera chamumtima kuti mwina atulutsa masamba atsopano. Ankatulutsadi, koma opyapyala ngati zingwe za nsapato, ndipo maluwa ankayoyoka.

Sabata yachiwiri amayi anandiitana ndi mawu apansi.

"Kachete, tabwera kuno. Ukuona chiyani apa?"

M'mbali mwa mpanda munali malo ofanana ndi beseni kukula kwake, pamene zomera zonse zinali zitauma mpaka kumizu.

"Udzu wouma," ndinatero.

"Udzu suuma wokha mozungulira chonchi, anzake ali obiriwira. Apa munthu anakhuthulapo kanthu. Ndipo anali mkati muno, taona mmene madziwo anayendera, kuchoka kuno kupita kumiyala. Mpandawu agogo ako anangosanja opanda simenti, munthu sangaukwere osagwetsa mwala. Analowera pakhomo. Makiyi ndi angati?"

"Awiri."

"Wina ndi uyu ali m'khosi mwangamu. Tsiku lija ndinakusiyira, unampatsa munthu?"

"Ayi."

"Unasiya chosatseka?"

"Ayi, amayi."

Zonsezo zinali zoona, ndipo zoona zimenezo zinaposa bodza kuipa. Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali kumunsi kwa msewu. Ndinadziwa kumene maganizo awo akupita. Kiyi wachiwiri ankasunga azakhali.

Azakhali atafika ndi phulusa lawo, amayi sanawalandire ndowa monga mwa masiku onse.

"Alamu, phulusali limachokera kuti?"

"Funso lanji limenelo? M'khitchini mwanga."

"Lonse?"

Azakhali anatula okha ndowa. "Ukayamba kuzungulira chonchi ndimadziwa kuti pali nkhani. Nena."

"Kiyi wanu amagona pati?"

"Pamsomali kuseri kwa chitseko."

"Ndipo mchimwene wanu amalowa m'nyumba mwanu nthawi ina iliyonse."

"Ndi mchimwene wanga. Ndizimufunsa chiphaso?"

"Ndiye ndi zimenezotu. Ndi mchimwene wanu. Ine ndine wobwera. Mwamuna amene anandibweretsa kuno ali pansi. Masana mumandiikira kumbuyo kuti anthu azikutamani, koma magazi ndi magazi."

"Mulamu, ukuti ine ndathira poizoni m'dimba la bambo anga?"

"Sindinatero. Ndati kiyi ali ndi miyendo."

"Ine? Amene ndinakana kuti asakuchotsere malata panyumba tsiku lomwe la maliro? Amene achibale anga onse sandipatsa moni chifukwa cha iwe? Mawondo anga awa, tsiku ndi tsiku kukwera chitunda ndi ndowa, kuti lero uzindinunkhiza phulusa?"

"Mwamuna wanga anafa ndi mankhwala, alamu. Zaka khumi ndi ziwiri akubereka chigubu kumunda wa kampani, mpaka chifuwa chinasanduka nsanza. Munalipo akutsokomola magazi mu beseni. Ndinalumbira pamaso panu kuti chinthu chimene chinamudya sichidzalowa m'dimba muno. Lero chalowa. Mukufuna ndikayikire ndani? Mbalame?"

Azakhali ananditembenukira. "Iwe mwana wa mchimwene wanga, nawenso ukuganiza choncho?"

Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi. Iwo anaona ngati ndavomera. Anatulutsa kiyi pamfundo ya nsalu yawo, anamuika pamwala wa pachitsime, anakhuthula phulusa panjira pomwepo, n'kutuluka ndi ndowa yawo. Mawa lake sanabwere, mkuja wakenso ayi. Tsiku lachitatu ndinawaona atakhala pakhonde la bambo aang'ono akumwa tiyi.

Ndinayesa kunena, Mulungu ndi mboni. Tsiku lina tikusefa manyowa ndinati, "Amayi," iwo anati, "Ee?" Nditaona maso awo ofiirawo, ndinati, "Sefayi yabooka." Ndinalembanso kalata, masamba awiri, koma ndinaiponya pamoto ndikuphika madzi osamba. Nsima ndinkaisiya m'mbale. Amayi ankati, "Usadandaule mwana wanga, amene wachita izi aoneka," n'kundiwonjezera ndiwo zawo.

Funso limene linkandidya linali lakuti, kodi bambo aang'ono anadziwa? Nthawi zina ndinkati mwina anatsukadi mongogwedeza, monga amachitira anthu ambiri. Nthawi zina ndinkakumbukira mmene anaimira pampanda paja mpaka nditayamba kupopa, kenaka n'kuchoka akuimba mluzu.

Yankho lake ndinalipeza panjira yochokera kuchigayo. Bambo aang'ono anaimitsa njinga patsogolo panga.

"Aphunzitsi, mwaonda bwanji? Tomato sakukudyetsani?"

Ndinafuna kulambalala. Anapingasa gudumu.

"Loweruka achemwali aitanitsa kuti tikambe za dimba. Ndamva kuti amayi ako akufuna mboni." Anatsitsa mawu. "Ine ndinakubwereka chigubu chifukwa cha chisoni. Amene anatsegula ndiwe. Amene anaona zamkatimo ndiwe. Amene anapopera ndiwe, wophunzira zaulimi, osati ine mbuli. Taganiza amayi ako atamva kuti mwana wawo yemwe anabereka chinthu chimene chinapha bambo ake, n'kumayenda nacho pafupi ndi chitsime chawo. Angakuyang'anenso? Ine ndikukumvera chisoni, n'chifukwa chake sindinanene. Nawe uzidzimvera chisoni."

"Munati mwatsuka," ndinatero. Mawu anga anamveka ngati a mwanapiye.

"Ndinatero? Analipo ndani?" Anaseka, anandisisita pamutu. "Njerwa zikapsa ndidzakumangira kachipinda kako. Sindine munthu woipa ine."

Loweruka masana tinakumana m'dimba momwemo, chifukwa azakhali anati nkhani ya nthaka imakambidwa nthaka ikumva. Anakhala pachidebe chovundikira pafupi ndi chitsime. Amayi anakhala pansi, miyendo atatambasula. Bambo aang'ono anaima. Kunja kwa chitseko anali atatsamiritsa kale zikombole ziwiri zatsopano zoumbira njerwa, matabwa ake akununkhirabe.

"Zikombolezo zikudikira chiyani?" amayi anafunsa.

"Zangodutsa, alamu. Nazonso mukuzikayikira?"

"Basi," anatero azakhali. "Ine ndakalamba, za mikangano ndatopa nazo. Ndinati tidikire chaka, koma chaka chimenecho ndinachipempha ndine, ndipo malipiro ake ndatchedwa wothira poizoni. Mulamu, mayi wa sitolo uja wanena chiyani?"

"Akuti tomato akalephera, ayang'ana kwina."

"Ndiye dimba labereka kapena lakana?"

"Laphedwa."

"Ndi ndani?"

"Ndi amene akulifuna."

"Mwamva, achemwali?" anatero bambo aang'ono. "Dzulo munali inu, lero ndine, mawa akhala abusa. Munthu akalephera ulimi angovomera. Ndowe ndi tsabola si ulimi, ndi zophika. Matenda a tomato alipo ambirimbiri, ena amachokera m'manyowa momwemo. Akanathira mankhwala ngati anthu ena onse, bwenzi pano akukolola."

"Matenda amene amaumitsa udzu mozungulira ngati beseni?"

"Mwina galu anakodzapo."

"Galu wa kiyi?"

"Mwandiona ndikulowa? Munasesa pakhomo masabata awiri, mwapezapo phazi langa? Ulusi wanu uja unaduka?"



Azakhali anapuma mozama. "Tamvani, ndinene komaliza. Ngati pali dzanja la munthu pa tomato ameneyu, ndikufuna ndilione lero. Likakhala la mchimwene wangayu, dimba ili sadzalipondanso ine ndili moyo, ndipo zikombolezo akaotche. Koma ngati palibe amene angandionetse, ndiye kuti nthaka yakana, mulamu achotse kabichi ndi anyezi wake mwezi uno ukamatha. Sindibwerezanso."

"Zachilungamo zimenezo," anatero bambo aang'ono.

"Ine umboni ndilibe," amayi anatero mwapansipansi. "Chimene ndili nacho ndi ichi: manja anga ndi oyera. M'dimba muno, chilimire ine, simunalowepo botolo, paketi ngakhale chigubu cha mankhwala. Tathira ndowe, phulusa ndi tsabola basi. Ngati zimenezi zimapha tomato, bwanji mabedi anayi awo ali moyo? Alamu, ine mwandikwiyira, mawu anga simuwamva. Koma mwana uyu ndi magazi anu. Mumamudziwa, sayankhula, koma sananamepo chibadwire. Mufunseni."

"Musamuvutitse mwana," bambo aang'ono anafulumira. "Mukuona mmene akunjenjemerera. Nkhani za akuluakulu izi."

"Bwanji ukumuyankhira?" azakhali anawayang'ana chammbali.

"Sindikumuyankhira. Ndikungoti ndi wamanyazi."

"Kachete," amayi anandiitana, n'kundigwira pabondo. Dzanja lawo linali lokhakhala ndi khasu, zikhadabo zodzaza dothi. "Usaope munthu, mwana wanga. Ine kulibe, iwe unalipo. Auze azakhali ako kuti muno simunalowe kanthu."

Anandiyang'ana ndi chikhulupiriro chonse, ngati mmene ankandiyang'anira ndikamawawerengera kalata za kuchipatala. Ndikanangoti "simunalowe," akanapitiriza kundiyang'ana choncho, ndipo mwezi ukutha tikanazula kabichi. Kumbali inayo bambo aang'ono anali akukanda chibwano, akundipukusira mutu pang'ono kwambiri, moti ndine ndekha ndinaona.

Ndinaimirira, chifukwa kusukulu tinkayankha titaima ndipo njira ina yoyankhulira sindiidziwa. Ndinafuna kuyang'ana azakhali, koma ndinadziwa kuti ndikapanda kuyang'ana amayi ndiye kuti sindinanenebe.

"Munalowa, amayi."

"Wati chiyani?"

"Khala pansi iwe," anatero bambo aang'ono.

"Musiye!" azakhali anamenya chidebe ndi chikhato. "Kweza mawu, mwana."

Dzanja la amayi linali litagwera pansi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anga anakafika mpaka kumpanda.

"Munalowa sipuleya, amayi, yabuluu ija. Azakhali sanapereke kiyi kwa munthu. Bambo aang'ono anandipatsira pamwamba pa miyala apo, anati atsuka, anatinso ndisakuuzeni. Munali timadzi totuwa, ndinatiwona, ndinatikhuthulira paja pauma udzu, ndipo sindinatsuke ngakhale ndinkadziwa. Nthaka sinakane, amayi. Ndinabereka chigubucho kumsana kwanga, ndipo tomato wanu ndinapopera ndine."